Nyumba Imene Sinaziridwe

"Ndiye mwapitadi ku boma osandiuza ine?" anatero Bessie, akukutumula diresi la mwana limene analiyanika m'mawa. Tinthu takuda tinauluka n'kumugwera pamkono.

"Ndapita," anayankha mwamuna wake, Lazarus Silungwe, akutsamiritsa njinga pakhoma.

"Mwakanena chiyani?"

"Chimene ukukutumulacho."

Bessie anayang'ana kutsidya kwa dambo. Chumuni cha fakitale ya njerwa chinali chikufuka monga mwa masiku onse. Chinamangidwa chaka chathachi m'mbali mwa msewu wa ku Kaseye, ndipo utsi wake sunali ngati wa nkhuni. Unali wakuda, wolemera. M'malo mokwera kumwamba, unkawoloka dambo chokwawa n'kudzatsikira pamudzi pawo.

"Bambo ake Edna, mwaiwala kuti mlongo wanga Jameson amagwira ntchito kumeneko? Akamuchotsa, ana ake adzadya madandaulo anuwo?"

"Nanga wathuyu adzapuma chiyani?"

Pakhonde, mwana wawo Edna, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatsokomola mpaka misozi. Atatha anapitiriza kugubuduza mkombero wa waya umene ankasewera nawo.

"Ndi mphepo ya Juni imeneyo," anatero Bessie. "Ku Chitipa kuno ndani satsokomola nyengo yozizira?"

"Juni anapita kale, Namsukwa. Uno ndi Sepitembala," anatero Lazarus, akumuitana ndi dzina la mfunda wake.

"Chibale ndi fupa, sichiola."

"Amatinso khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine sindikufuna kupha khoswe kapena kuswa mkhate. Ndikungofuna kudziwa chimene amasonkha m'ng'anjo muja. Nkhuni sizinunkha chonchi. Nkhuni sizithamangitsa njuchi. Ming'oma yanga yonse ili pululu. Lole ija imabwera kuchokera kumalire itafunda tenti, imanyamula chiyani? Wamufunsapo mlongo wakoyo?"

"Ndinamufunsa. Akuti anawalumbiritsa."

"Kulumbira chifukwa cha njerwa?"

"Matipate anakuonongani inu amuna. Aliyense tsopano ndi wolankhula."

"Abwera Lachinayi la sabata yamawa," anatero Lazarus. "Mayi wina woona za ukhondo ndi mpweya. Ayambira nyumba ino, poti wodandaula ndine."

Bessie anasiya kukutumula.

"Nyumba ino? Mlendo wa boma?"

Anayang'ana khoma limene linali litachita mizeremizere yakuda, kenako nsalu za m'mawindo, kenako khonde. Lazarus sanaone. Anali akupopa tayala.

Kumapeto kwa bwalo, chakudambo, chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono. Inali nyumba ya a Safeli, bambo ake a Lazarus. Mkazi wawo Nakayange anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo mawu awo anali owerengeka. Bessie ankawaphikira tsiku lililonse, koma chakudya ankapereka ndi Edna. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mkamwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, ndipo saponda pakhomo pawo. Akakumana panjira, mkamwana amapatuka n'kufulatira. Bessie anasunga mwambo umenewu chikwatiwireni, ndipo ankanyadira kuti sanauphwanyepo.

Lolemba Lazarus anapita ku maliro a msuweni wake ku Chisenga. Atangokhota, Bessie anaitana Lines, mnzake wa ku Umanyano, bungwe la amayi a kutchalitchi.

"Mlendo wa boma adzaone nyumba ya mayi wa Umanyano ili ngati ya wootcha makala?" anatero Bessie. "Akapita akanene kuti akazi a kuno ndi auve?"

"Yayi, zimenezo sizingatheke," anatero Lines. "Anthu a kumwera amatinena kale kuti ndife a kutchire. Mlendo ndi mame, koma chimene waona amapita nacho."

"Ndiye tiyeni ku mtsiro."

Nkhani inafalikira mudzi wonse. Amayi anakumba mtsiro kudambo, anazira makonde, anapaka laimu m'makoma. Anachapa nsalu za m'mawindo n'kuziyanika m'nyumba. Anakwecha zitseko. Anasesa mabwalo mpaka m'njira. Nkhwani wa m'dimba la Bessie anali atada masamba, choncho anauthyola wonse n'kukautaya kudzenje. Ngakhale malata anawatsuka, Lines atakwera pamakwerero chitenje atachimanga ngati kabudula, amayi ena akumuseka pansi.

Jameson anadutsa Lachiwiri pochokera ku ntchito.

"Kuli ukwati kodi, alongo?"

"Kubwera mlendo Lachinayi," anatero Bessie motsitsa mawu. "Wa boma. Ndati ndikuuze kuti usadzidzimuke."

Jameson sanakhale pansi. Anabwerera njira imene anadzera.

Lachitatu chumuni chinazima.

Lazarus anafika Lachinayi m'mawa. Anatsika panjinga n'kuima pakati pa bwalo ngati munthu wasochera. Asanatsegule pakamwa, njinga yamoto inalira kumsewu.

Mlendoyo anali mayi wamfupi, wovala jekete lalikulu. Anavula chipewa cha njinga n'kugwada pang'ono.

"Monire mose. Ndine Patricia Makwinja, kwathu ndi ku Mulanje. Chitumbuka changa chathera pomwepa, mundikhululukire."

Anthu anaseka. Bessie anayala mkeka watsopano, anabweretsa nthochi ndi tiyi. Patricia anamwa, anathokoza kuti yewo, kenako anatulutsa thonje loyera ndi timatumba tapulasitiki m'chikwama.

"A Silungwe, munati mwaye umagwa ngati mvula. Tandionetsani."

Anapukuta pawindo. Thonje linabwera loyera. Anapukuta pamwamba pa chitseko. Loyera. Anakwera pampando n'kupukuta malata. Anapita kwa Lines, anapita nyumba yachitatu, yachinayi. Paliponse fungo linali la laimu ndi mtsiro wauwisi.

"Ndayenda midzi yambiri," anatero Patricia, "koma waukhondo chonchi sindinauone."

"Yewo chomene," anatero Lines akumwetulira. Bessie nayenso anamwetulira, koma atayang'ana nkhope ya mwamuna wake, kumwetulirako kunatha.

"Lowani m'khitchini, mayi," anatero Lazarus. "Kudenga kuli mwaye."

"Ulipodi. Koma pansi pake pali mafuwa. Mwini fakitale adzati ndi nkhuni zanu zomwe. Ndadzera kumeneko m'mawa uno. Akuti ng'anjo akuikonza. Pafupi pake aunjika nkhuni zabwinobwino, ndipo pansi asesa. Kaya lero ndi tsiku losesa dziko lonse?"



Patricia anayenda mpaka kudimba. Anawerama n'kugwira mpesa wa dzungu.

"Maungu a kuno amamera opanda masamba?"

"Tinadya," anatero Bessie msanga.

"Onse? Mumakonda nkhwani kuposa ife Alomwe."

Pobwerera anaima pamene Edna ankasewera. Anamvetsera mmene mwanayo ankapumira. Kenako anatola mkombero wa waya uja, nautembenuza, naununkhiza.

"Wautenga kuti, mwanawe?"

"Anandipatsa amalume Jameson. Akuti kuntchito kwawo ilipo yambiri."

"Undibwereke?"

Edna anavomera. Patricia anaupachika pa chiwongolero cha njinga yamoto.

"A Silungwe, sindinganene kuti mukunama. Koma sindinganenenso kuti ndaona. Ku ofesi amafuna chinthu chogwirika. Utsi wa dzana sindingaunyamule."

Njinga yamoto itapita, Lazarus anakhala pakhonde lozira kumenelo. Kenako anatembenukira kwa Bessie.

"Wazira umboni, Namsukwa."

"Ine ndimakonzera mlendo. Amayi anga anandiphunzitsa choncho. Mukanandiuza kuti akubwera kudzaona litsiro."

"Ndinati akubwera kudzaona chiyani? Mano ako?"

"Munangoti mlendo. Mumalankhula ngati bambo anu, mawu awiri basi, ena munthu aziganizira yekha. Safunsa anadya phula, inde, koma wosanena nayenso amadyetsa anzake phula."

"Nanga chumuni anachiuza ndani kuti chizime?"

Bessie anatola makapu n'kulowa m'nyumba.

Loweruka chumuni chinayambiranso. Utsi unabwera wakuda kuposa kale, ngati ukubweza masiku amene unapuma. Laimu wa pakhoma anayamba kuthimbirira. Lazarus anasiya kulankhula za nkhaniyi. Anthu pamsika ankamufunsa moseka kuti, "Ba Silungwe, boma lanu lija lapeza chiyani?"

Patapita masabata awiri, Edna anagwa pobwera kuchokera kusukulu masana. Anamupeza atakhala m'mbali mwa njira, mapewa akukwera ndi kutsika, mpweya ukulira ngati wenzulo. Lazarus ananyamula Bessie ndi mwanayo panjinga mpaka kumsewu, kumene anapeza galimoto ya matola yopita ku boma.

Kuchipatala anamuika Edna chopumira kumphuno. Tsiku lachiwiri anayamba kupeza bwino. Bessie anali atagwira kansalu koyera pakamwa pa mwanayo pamene anatsokomola. Anayang'ana m'kansalumo. Makhololo anali ndi timadontho takuda, tofanana ndi tija ankakutumula pa diresi.

Anapinda kansaluko, anafunsa njira kwa mlonda, nakagogoda pa ofesi ya Patricia.

"Mayi a nkhwani!" anatero Patricia. "Lowani. Mwana ali bwanji?"

"Ali m'chipatala. Nkhwani uja sitinadye. Ndinataya. Unali wakuda."

"Ndinadziwa kuti pali chinachake. Sindinadziwe kuti n'chiyani. Munabisiranji?"

"Sindinabise. Ndinakonza."

Patricia anamuyang'ana, kenako anaseka pang'ono, osati monyoza.

"Amayi anga akanachitanso chimodzimodzi. Taonani ichi." Anatenga mkombero uja pamsomali. "Ndinapita nawo kwa amakanika a padepoti. Onse akuti ndi waya wa m'mphepete mwa tayala la lole. Umatsala tayala likapsa. Ndiye ndikuganiza kuti ng'anjo ija amasonkhera matayala akale, mwinanso ndi oilo wakuda. Koma waya si utsi. Adzati mwana anautola kumsewu."

"Bwerani mawa osauza munthu. Makoma adanso."

"Mwaye wa masabata awiri, pamudzi pamene nyumba iliyonse ili ndi moto, ndipo ino ndi nyengo yootcha mapesi. Adzandiseka. Ndikufuna malo amene sanakonzedwe chiyambire fakitale, ndipo sipasonkhedwa moto. Malo otero kumudzi kulibe."

Bessie anayang'ana zala zake.

"Ilipo nyumba imodzi."

"Munaiwala kuizira?"

"Sindingaizire. Sindingaiponde n'komwe. Ndi ya apongozi anga. Chimwalirire amayi, simunayakepo moto. Ndikudziwa chifukwa wowaphikira ndine, ngakhale madzi osamba amachokera kwa ine."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Sindidziwa. Ngakhale mwana wawo salowamo. Edna amasiya mbale pakhomo."

Patricia anatenga chipewa chake cha njinga.

"Mwanayo akatuluka, tipitira limodzi."

Anafika Lachisanu dzuwa lili pamutu, chumuni chikufuka. Edna anatsala kwa azakhali ake pa boma, poti adokotala anati asabwerere msanga ku utsi. A Safeli anali pampando wawo pakhomo, chitseko chili chotseka kumbuyo kwawo. Bessie anaima kuseri kwa nkhokwe. Lazarus ndi Patricia anapita kukagwada.

"Adada," anatero Lazarus, "mayi awa akupempha kulowa m'nyumba. Angopukuta pang'ono ndi thonje."

"Iyayi."

"Ndi chifukwa cha utsi uja."

"Iyayi."

"Agogo," anatero Patricia, "sinditenga kanthu popanda chilolezo chanu."

A Safeli anayang'ana kudambo. Lazarus anadziwa kuti nkhani yatha. Bambo ake akakana kawiri, kachitatu sayankha. Anadzuka.

Pamenepo mawu anamveka kuchokera kunkhokwe. Bessie anali atatuluka poyera. Anagwada pakati pa bwalo, atafulatira, nkhope ataiphimba ndi chitenje. Sanayandikirepo chotero chikwatiwireni. Lines, amene ankadutsa ndi ndowa, anaima n'kugwira pakamwa.

"Bambo ake Edna," anatero Bessie mokweza, "auzeni adada kuti wolakwa ndine. Auzeni kuti ndinatsuka mudzi wonse, ndipo chatsala ndi nyumba yawo yokha. Auzeni kuti mwana amene amawabweretsera mbale ali ku boma, ndipo adokotala akuti akabwerera ku utsi uno adzagwanso. Auzeni kuti mbale ija ndilibe wina woituma. Ndikudziwa kuti nyumbayo amaisungira malemu amayi. Sindikupempha kuti ndilowe ine. Madzi akatayika saoleka, koma awa ndi otsala mumtsuko."

Lazarus anatsegula pakamwa kuti abwereze.

"Ndamva," anatero a Safeli.

Kenako anagwira ndodo, anadzuka, nakankha chitseko.

M'nyumbamo munali bedi, mpando umodzi ndi sutikesi. Mafuwa anali pakona, ozizira, kangaude atalukapo. Windo loyang'ana kudambo linali lotsegula.

"Silitsekedwa?" anafunsa Patricia.

"Malemu analisiya choncho," anatero a Safeli.

Patricia anapukuta pasutikesi. Thonje linabwera lakuda bii, lonona ngati girisi. Analinunkhiza n'kupatsa Lazarus kuti anunkhize.

"Mphira," anatero Lazarus.

Patricia anapukuta pampando, pamutu pa bedi, m'mphepete mwa windo, akuika thonje lililonse m'kathumba kake. Anayang'ana kudenga. Kumwamba kwa mafuwa kunali koyera kuposa khoma loyang'anizana ndi windo.

"Taonani, a Silungwe. Utsi wa m'khitchini umada kudenga. Uwu walowera pawindo n'kumenya khoma ili. Koma nanga icho?"

Pakhomalo, pamsomali, panali bulauzi ya manja aatali. Inali yotuwa ngati phulusa lonyowa, m'mapewa yakuda.

"Ya Umanyano," anatero Lazarus motsitsa mawu. "Ya amayi. Inali yoyera."

Patricia anakweza m'munsi mwa bulauziyo ndi chala chimodzi. Mbali yokhudza khoma inali yoyera mbee. Anaisiya msanga.

"Agogo, thonje langali angathe kunena kuti ndalidetsa ndekha panjira. Koma ichi palibe angachitsutse. Aliyense ku Chitipa kuno amadziwa mtundu wa bulauzi imeneyi. Ndikanakonda kupita nayo kwa akuluakulu, kenako ku Lilongwe akaipime. Sindikulonjeza kuti idzabwerako yathunthu. Mukakana, ndimva."

A Safeli anayang'ana bulauziyo nthawi yaitali, mpaka Patricia anayamba kutseka chikwama.

"Ankadana ndi litsiro," anatero mkuluyo. "Ndinkaona ikuda. Ndinkaopa kuichapa."

Anatsamiritsa ndodo pabedi. Anakweza manja onse awiri n'kuichotsa pamsomali. Anaipinda bwinobwino, manja mkati, monga mmene mwini wake ankaipindira, naipereka kwa Patricia.

Onse atatu anatembenukira kukhoma. Pamene panali bulauzi panatsala laimu woyera amene Nakayange anapaka yekha asanadwale. Mapewa, khosi, manja awiri olendewera, zonse zinaoneka bwinobwino pakati pa khoma lakuda.

Patricia anajambula chithunzi. Potuluka anagwada kwa mkuluyo, ndipo Chitumbuka chake chinamuthawa. Anangoti, "Zikomo, agogo."

Sabata yotsatira kunabwera galimoto ya boma ndi apolisi awiri, osauza munthu. Kuseri kwa ng'anjo anapeza mulu wa matayala utafunditsidwa tenti, ndi migolo ya oilo wakuda. Analamula kuti moto uzime kufikira zotsatira zitabwera kuchokera ku Lilongwe. Palibe ankadziwa kuti zidzabwera liti, kapena kuti zikadzabwera chumuni chidzakhalabe chozima. Mwini fakitale ankauza anthu pamsika kuti ali ndi anzake akuluakulu. Jameson anakhala pakhomo wopanda ntchito, ndipo akakumana ndi mlongo wake kutchalitchi ankayang'ana kumbali. Bessie ankatumiza ufa kwa ana ake. Ufawo sunkabwezedwa.

Edna anabwerako. Ankatsokomolabe m'mawa, koma ankatha kuthamanga mpaka kudimba, kumene maungu anali atatulutsa masamba atsopano. Tsiku loyamba kunyamula mbale anapeza chitseko cha agogo ake chili chotsegula. Analowa. Bessie anali akusesa chapatali, atafulatira.

"Agogo, uyu ndani pakhomapa?"

"Agogo ako aakazi."

"Alibe mutu?"

"Ndimaudziwa ine."

Mwanayo anatuluka ndi mbale ya dzulo. A Safeli anamutsatira mpaka pakhomo, naima atagwira ndodo. Analankhula mokweza, kuposa mmene mwana woima pafupi akanafunikira.

"Edna, ukawauze amayi ako kuti khonde langali atha kudzazira. Ine ndikhala kudambo. Koma khoma la m'katilo asalikhudze."

Tsache la Bessie linaima.

"Ndamva, adada," anatero, osatembenuka.